Masamba ndiwaphike bwanji kuti asamabwerere mu mbale?

Amake Tadala, Area 49

Moni nonse. Ndabwera ndi vuto la kukhitchini, amayi anzanga ndithandizeni, ngakhalenso abambo amene mumaudziwa mthiko musakhale chete.

Pakhomo pathu tilipo asanu: ine, bambo a kunyumba, ana awiri ndi mlamu wanga amene ali ku sekondale. Masamba amene amalowa m'nyumba muno ndi repu ndi chayinizi basi, kabichi mwa apo ndi apo. Kaphikidwe n'kamodzi chaka chonse: mafuta, anyezi, tomato, masamba, timadzi, kuvundikira. Tsono mwezi wathawu bambo anawapeza ndi BP, ndipo kuchipatala anawauza kuti achepetse mchere ndi nyama yonona, masamba azidya ambiri komanso amitundumitundu. Apa ndiye pagona nkhani. Ndikagula bonongwe akuti akununkha dothi. Luni analawa kamodzi n'kukankha mbale. Therere ana saliyang'ana n'komwe, wamng'onoyo amachita kuthawa patebulo akaona likunanda. Zotsala ndimadya ndekha mawa lake, mpaka ndayamba kudana nazo inenso.

Kale ndinkadalira mchere ndi timakyubu tija kuti ndiwo zimveke kukoma, pano zonsezo akuti ndichepetse. Ndiye ndizithira chiyani? Mvula ino masamba angoti mbwee pamsika wa Nsungwi, otchipa, koma ndimangowadutsa podziwa kuti akathera kudzala.

Batchala wa ku Biwi

Mayi, tawafunsani bambowo ngati kabichi wa pachiwaya amamusiya. Ine masana aliwonse ndimaona madoda a mataye, omwe kunyumba amalumbira kuti masamba sadya, akuuza mnyamata wa tchipisi kuti "onjezera saladi mphwanga". Kabichi yemweyo, wosaphika n'komwe, wangodulidwa mopyapyala, kaviniga, katsabola, tomato. Kunyumba timamuphika mpaka afe, ndiye amatulutsa fungo lija limakafika kwa aneba.

Ine ndimatere: poto atenthe kaye kwambiri, mafuta supuni imodzi, kabichi ndi kaloti, osathira madzi, osavundikira, kumangotembenuza mpaka m'mbali muyambe kufiira. Mphindi zisanu n'zambiri. Pophula finyirani ndimu. Chinanso, bonya wouma mukamukazinga n'kumusinja, kasupuni kamodzi mu repu kamagwira ntchito ya kyubu. Nzeru za ubatchala izi, musaziderere.

Nabanda, Kawale

Amake Tadala, pepani ndi matenda a bambo. Ine ndinakulira ku Mitundu, ndipo pano ndimaphikira anthu nsima ya masana pafupi ndi depoti. Mbale yobwerera masamba osakhudzidwa kwa ine ndi ndalama yotayika, choncho nkhaniyi ndinaiganizira kwambiri. Ndikuuzeni mosabisa, kaphikidwe mwatchulako ndi ka repu. Repu amapirira nako. Koma mukadutsitsa nkhwani, luni, chisoso ndi kholowa njira yomweyo, zonse zimatuluka zofanana, zakuda bii, zosambira m'madzi a tomato, ndiye munthu adziwa bwanji kuti lero wadya china? Tsamba lililonse lili ndi chimene limafuna.

Yambani ndi nkhwani, chifukwa mwamuna wa chigawo chapakati chino wokana nkhwani wotendera wophikidwa bwino sindinamuonepo. Pogula musatengeke ndi masamba akuluakulu. Sankhani anthete, akunsonga, ndipo mukapeza mpukutu uli ndi maluwa achikasu aja ndi timaungu tating'ono, umenewo ndiwo. Posadzula musachite ulesi. Thyolani phesi kumapeto n'kukoka kuti ulusi ndi timinga tija tisendeke mpaka m'mitsempha ya tsamba, mbali zonse za phesilo. Ana ambiri amene amati nkhwani amakanda pakhosi anadyetsedwa wosasadzula bwino. Mukatsuka dulani mopyapyala. Madzi m'poto akhale ongophimba pansi, ndipo awire kaye masamba asanalowe. Masamba pansi, tomato mmodzi kapena awiri pamwamba, vundikirani. Akangofota wazani nsinjiro pamwamba ponse, koma musatakase. Ambiri amaphonya pamenepa. Vundikiraninso, moto muchepetse, nthunzi iphike nsinjirozo kaye mpaka zinyowe. Mudzamva nokha ndi mphuno, fungo la mtedza wauwisi limachoka n'kubwera lina lonona. Pamenepo ndiye takasani ndi mthiko, zibwate pang'ono mpaka msuzi ugwirane, usamayenderere mu mbale. Mukatakasa msanga nsinjiro zimathawira pansi n'kupserera masamba asanapse. Mukaphula msanga ndi zija zimavuta anthu m'mimba, iwo n'kumanamizira nkhwani. Mafuta musathire ayi, mtedza uli ndi ake. Ndipo zotendera zimafuna mchere wochepa kusiyana ndi zokazinga, ndiye kwa bambowo zakhala bwino.

Ndinenepo za nsinjirozo, poti ndiwo zonse zagona pamenepo. Zam'timapepala za pamsika ine sindizikhulupirira kwenikweni, simudziwa mtedza umene unalowamo. Gulani mtedza wanu, muusankhe pa lichero, wonse wofota, wakuda kapena wachuku mutaye osaumvera chisoni. Chuku cha mtedza chimawononga chiwindi ndipo kuphika sikuchotsa poizoni wake. Mtedza wa Chalimbana ndi umene umatulutsa nsinjiro zabwino, zoyoyoka. CG7, wofiira uja, mafuta ndi ambiri, mumtondo amathamangira kukhala chiponde. Mukakhala ndi ameneyo thiranimo kaufa pang'ono posinja ndipo muzisefa pafupipafupi. Musasinje zambiri nthawi imodzi, zikagonera masiku zimayamba kafungo.

Bonongwe akamanunkha dothi, kawirikawiri dothilo limakhala lilimodi, makamaka nyengo ino. Dzazani beseni ndi madzi, muzivuula masambawo m'madzimo, osati kukhuthula madzi masamba ali momwemo, apo mchenga umangobwerera pomwe unachoka. Sinthani madzi mpaka pansi pa beseni pakhale poyera. Kenako anyezi akazingidwe mpaka afiire ndithu. Anzanga ambiri amangomulowetsa m'mafuta n'kuthira tomato pompo, chonsecho kutsekemera kwa ndiwo kumachokera mu anyezi wofiirayo. Kaadyo ngati muli nako ponyanimo. Madzi musaonjezere, bonongwe ali nawo ake, ndipo muzimuika pamoto nsima ili pafupi kuomoledwa. Akadikira anthu m'poto wovundikira, watha.

Luni musalimbane naye. Ndi wowawa, ndipo ife okulira kumudzi kuwawako n'kumene timamufunira, koma munthu wosazolowera simungamuyambitse ndi mbale yodzaza. Tengani masamba okha, asanachite maluwa, timitengo tonse mutaye. Wiritsani, madzi oyambawo khetsani. Mukatero sakanizani ndi bonongwe, luni dzanja limodzi bonongwe manja atatu, n'kutendera. Ena amathira kamkaka kumapeto, nakonso kamaziziritsa kuwawa. Masabata akamapita muzionjezera luniyo pang'onopang'ono osalengeza kwa munthu. Chisoso chimodzimodzi, nsonga zanthete zokha, madzi oyamba kutaya chifukwa cha kafungo kake kaja.

Kholowa anthu a m'tauni amamupeputsa, koma pabenchi panga ndi amene amayamba kutha. Mukathyola muyanikeni pa lichero ola limodzi kapena awiri kuti afote kaye, kuterera kumachepa. Kazingani osavundikira, tomato wokwanira, ndimu pophula. Wa masamba ang'onoang'ono ogawikana amakoma kuposa wa masamba otambalala.

Therere la anawo, lonanda lisiyeni kaye. Gulani therere lobala laling'onoling'ono, loti mukapinda nsonga ithyoke. Tsukani n'kulipukuta liume musanadule, chifukwa madzi ndi amene amadzutsa kunandako. Moto ukhale wambiri, musamatakasetakase, tomato alowe kumapeto. Limatuluka louma bwino, ena sazindikira n'komwe kuti ndi therere.

Komanso nthawi yogulira. Ine ndimapikula ku Wakawaka m'mamawa kusanatenthe, magalimoto a ku Dedza ndi Ntcheu akungotsitsa kumene. Masamba a madzulo, amene aswera padzuwa akuwazidwa madzi kuti aoneke amoyo, ngakhale muwaphike mwaluso bwanji sangafanane ndi a m'mawa.

Mphatso, Area 18

Zikomo a Nabanda, apa mwatitsegula maso. Ine ndine namwino, ndiye ndingoonjezera mbali ya BP, poti ndi zimene ndimakumana nazo kuntchito.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Imeneyo ndi kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo muwerengere wonse: wa mu ndiwo, wa mu buledi, wa m'makyubu ndi timapaketi ta zokometsera. Masamba ndi zipatso limati magalamu 400 pa tsiku. Ambirife timadya kamulu ka pambali pa mbale, nsima mitanda itatu. Pa magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsa kusikelo, nsima ya nkhwani wotendera yakwanitsa kale atatu, chifukwa mtedza uli m'gulu la zanyemba. Muikepo kausipa ndi chipatso mwafika patali.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti soda wophikira uja ali ndi sodium, yemwe uja ali mu mchere amene amakweza BP. Ndiye munthu amachepetsa mchere n'kumathira soda mu ndiwo zilizonse, palibe chimene wachita. Sodayo amaononganso vitamini C ndi ena a gulu la B. Bonya wa a Batchala ndi nzeru yabwino, kungoti nsomba zina zouma zimakhala ndi mchere kale, lawani kaye musanathire wina.

Mafuta pang'ono kapena nsinjiro musachotseretu poopa BP. Vitamini A wa m'masamba obiriwira amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Ndimu lija limathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masamba, pamene tiyi womwera pa chakudya amatchinga. Mchere muzichepetsa pang'onopang'ono, lilime limazolowera pakapita masabata angapo, koma wa patebulo wokha uchoke lero lomwe. Kwa ana, musawakakamize kapena kuwalonjeza switi. Muzingoika kochepa pambale pawo mobwerezabwereza, inu mukudya iwo akuona. Ena amafunika kulawa chinthu kakhumi kapena kuposa asanachilandire.

Chomaliza, chonde bambowo asasiye mankhwala poti ayamba kudya luni ndi adyo. Timawalandira otere, atasiya mapiritsi chifukwa wina anawauza kuti zowawa zimatsitsa BP.

Nabanda, Kawale

A nesi, za mchere ndamva, koma pa soda tisiyana pang'ono. Therere la denje kapena chewe lopanda chidulo mungalitche therere? Nanga khwanya wokhwima, mungamufewetse ndi madzi okha? Mutha thumba la makala. Amayi anga soda sankagula. Ankawotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusa m'chitini chobowola pansi, madzi pamwamba, odontha pansiwo ndiwo chidulo. Tinakula nacho tonse.

Chimene ndimadana nacho ine ndi chizolowezi chothira soda mu chilichonse, mu repu, mu nkhwani wanthete, ati zipse msanga zikhale zobiriwira. Masamba amangoti phwetete, m'kamwa n'kumamveka kasopo. Zimenezo ndiye tiletse. Koma therere kamodzi pa sabata ndi kachidulo kochepa, pepani a nesi, ine sindisiya.

Mphatso, Area 18

Chidulo cha phulusa sodium ndi wochepa kusiyana ndi soda wa m'sitolo, pamenepo mukunena zoona mayi, koma mavitamini chimaononga chimodzimodzi. Kamodzi pa sabata sitikangana. Okhawo amene ali ndi vuto la impso afunse kaye adokotala, chifukwa chili ndi potaziyamu wambiri.

NyaChirwa, Area 23

Nonse mwaiwala chigwada! Kwathu ku Nkhata Bay ndiye ndiwo ya tsiku ndi tsiku pa kondowole, ndipo pa nsima ya mgaiwa chimakhalanso bwino. Koma ichi chokha malangizo oti "phikani pang'ono" asagwire ntchito, chonde. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni wachilengedwe, makamaka a chinangwa chowawa. Sankhani anthete, sinjani mumtondo mpaka asalale, wiritsani ndi madzi okwanira poto ali wosavundikira kuti poizoniyo azituluka ndi nthunzi. Musathamange nacho, ola lathunthu silichuluka. Kenako anyezi, tomato, nsinjiro. Ine ndimasinjira limodzi ndi adyo ndi anyezi mumtondo momwemo. Chogona mukachitenthetsa bwino chimakoma kuposa cha lero.

Mabiringanya nawonso yesani. Osawiritsa ayi. Awotcheni athunthu pa mbaula mpaka khungu lipserere, sendani, nyenyani ndi foloko, sakanizani ndi anyezi wokazinga ndi tomato. Kautsi kaja kamachititsa munthu kuiwala kuti mchere ndi wochepa.

Batchala wa ku Biwi

A Nabanda, benchi lanulo lili mbali iti ya depoti? Ndikufunsira mnzanga.

Amake Tadala, Area 49

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Loweruka ndinaphika nkhwani monga munanenera a Nabanda, nsinjiro ndinasinja ndekha, mtondo ndinachita kubwereka kwa aneba. Mlamu anakombeza poto. Bambo anafunsa kuti mchere uli kuti, ine n'kuwapatsa ndimu ndi kambuzi, anang'ung'udza koma anadya. Therere lokazinga wamkulu wadya, wamng'ono wakanitsitsa, akuti therere ndi therere basi. Ndizingomuikira monga mwanenera a nesi. Kholowa sindinamupeze pamsika, ndikafunsa kwa amayi ena amene ali ndi kadimba kumbuyo kwathu kuno. Luni ndikuopabe.

Tsono ndili ndi funso lina. Nkhwani ameneyu mvula ikatha amasowa, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wina. Ndiye kuti chilimwe chonse tibwereranso ku repu ndi chayinizi? Kufutsa ndinangoonera agogo ndili mwana. M'tauni muno, nyumba ya lendi, bwalo laling'ono, n'zotheka?

Nabanda, Kawale

N'zotheka kwambiri, ine ndimafutsira pakhonde pompano pa Kawale. Nthawi yake ndi kumapeto kwa Malichi mpaka Epulo, mvula ikayamba kudukiza koma masamba akadali otchipa. Khwanya ndi chitambe ndi amene amafutsika bwino kuposa onse, kenako nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Chayinizi musavutike naye, madzi ndi ambiri, amaola asanaume.

Sadzulani ndi kutsuka monga mwa masiku onse. Madzi awire, masamba muwaviike mphindi zochepa, angofota basi osati kupsa, khetsani. Yalani mopyapyala pa malichero kapena pamphasa yoyera, pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa lamphamvu amauma msanga inde, koma amayezuka ndipo kukoma kumachepa. Muzitembenuza, madzulo kulowetsa m'nyumba kuopa mame, ndipo ngati aneba ali ndi nkhuku ikani pamwamba. Auma akamaphwanyika mukafinya m'manja. Mukasunga ali ndi kachinyezi ngakhale pang'ono achita chuku, ntchito yonse yapita. Kumudzi tinkamanga m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini. Kuno chidebe chouma chotseka bwino chikwanira, mtundu uliwonse pawokha.

Pophika mu Okutobala, nyikani mfutsowo m'madzi ofunda kaye ufewe, madziwo musataye, phikirani momwemo. Umatenga nthawi kuposa masamba auwisi ndipo nsinjiro umafuna zambiri, tomatonso musaumire. Choncho mtedza wake mugule mu Meyi kapena Juni alimi akungokumba kumene, mtengo usanakwere, ndipo muusunge ndi makoko ake pamalo pouma, muziswa wongokwana sabata imeneyo.